Mutu 8: Ufa wa Mbewu Yofiira

1

Esitere adamwalira dzuwa litangotuluka. Adali mwana wa zaka zinayi, wa nyumba yoyandikana ndi ya kwawo kwa Tiyanjane. Anamwino atamufunditsa nsalu mpaka kumutu, amayi ake adadzigwetsa pakati pa wodi ya ana n'kuyamba kugubuduka uku akukuwa. Amayi anzawo adachita kuwanyamula potuluka nawo panja.

Pa bedi lotsatira padagona Calvin, mlongo wake wa Tiyanjane, diripi ili pamkono. Dzulo lake anawa adabwera nawo pa ngolo imodzi ku chipatala cha pa Mitundu, onse akusanza, thovu lili kukamwa.

Mayi Anna, amayi ake a Tiyanjane, adamugwira mtsikanayo pamkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Iwe, tamvera. Pita kunyumba. Ufa wotsala uja uli kuseri kwa mtsuko. Ukauthire m'chimbudzi wonse, ndi jumbo yomwe."

"Amayi, nanga anamwino akafunsa?"

"Wadya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani, basi. Ukufuna bambo a Esitere andiduledule? Sukuwadziwa a Stanley iwe?"

Tiyanjane ankawadziwa. Mudzi wonse unkawadziwa. Chaka chatha adathyola mkono wa mnyamata amene adamupeza akuzula mtedza m'munda mwawo.

Nkhani ya ufawo idali motere. Udali mwezi wa Febuluwale, ndipo nkhokwe ya Mayi Anna idatha Khirisimasi isadafike. Bambo ake a Tiyanjane adapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, foni yawo n'kusiya kugwira. M'nyumba mudangotsala paketi ya mbewu ya chimanga imene idatsala podzala, yogula ku Nathenje, njere zake zofiira psu ndi mankhwala.

Calvin atalira njala mpaka mawu kusasa, amayi adang'amba paketiyo.

"Poizoni ndi kufiiraku," adatero. "Kukachoka, chimanga ndi chimanga."

Tiyanjane ndiye ankatunga madzi ku mjigo. Adatsuka, n'kutaya, n'kutsukanso ndi phulusa, mpaka madzi adayamba kutuluka oyera. Adayanika kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone. Kuchigayo sadapite, poopa maso. Adasinja mumtondo n'kusakaniza ndi madeya.

Koma musi subisika m'mwezi wa njala. Amayi a Esitere adamva kugunda kwake, ndipo adatulukira ndi kambale atakabisa m'chitenje. Kwathu kuno mnzako akamva musi wako n'kubwera ndi mbale, sabwerera nayo yopanda kanthu. Mayi Anna adadzaza kambaleko mpaka pamwamba. Zoti ufawo ndi wa mbewu sadanene. Manyazi adawatseka pakamwa.

Phala la ufawo akuluakulu adangolawa. Ana ndiwo adakhuta.

2

Tiyanjane akutuluka, adamva dzina lake pakhonde. Adali Sisita Lydia, anamwino achikulire amene adachezera ndi anawo.

"Mwanawe, taima. Ndinu a nyumba zoyandikana, eti? Ana awiriwa adadya chiyani?"

"Nsima ya mgaiwa ndi nkhwani."

"Mgaiwa wake wochokera kuti?"



Nthawi yomweyo pamsewu padadutsa galimoto ya lole yaing'ono, chimkuzamawu chili pamwamba. "Anthu a ku Mitundu, dzukani! GMO yapha mwana! Tonse tikumane kumunda wa mpanda uja!"

Awa adali a Jones, mkulu wa kagulu kena ka m'tauni kotsutsa mbewu za GMO, zija zosinthidwa chibadwa. Chiyambireni dzinja ankachititsa misonkhano pa Nathenje ndi m'midzi yozungulira. Munda umene ankanenawo udali kufupi ndi mudzi wa Tiyanjane. Akatswiri a zaulimi adaumangira mpanda wa waya, ndipo m'kati mwake ankayesamo chimanga chimene adachisintha chibadwa kuti mbozi zisamachidye.

Sisita Lydia adapukusa mutu. Adamukhazika Tiyanjane pa benchi, iwo n'kukhala pambali pake.

"Uli folomu chani?"

"Folomu thu."

"Ndiye wakula, undimva. A Jones aja dzulo anabwera pano ndi foni, kundionetsa chithunzi cha makoswe otupa mimba, ati adadya GMO. Ine ndinawafunsa: makoswe ake ndi a kuti? Adadya chochuluka bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji? Nanga anzawo amene sadadyeko, iwowo analibe zotupa? Adayesa ndani, ndipo ena atabwereza adapeza zomwezo? Yankho lake anangoti ine ndinagulidwa. Anandigula ndani ine, nsapato zake izi?"

Adatukula phazi. Nsapatoyo idali yosoka ndi waya.

"Usandimve molakwa. Sindikuti chimanga cha mumpandacho n'chabwino. Ine sindikudziwa. Eni akewo akadakhala kuti adamaliza kudziwa, bwenzi sakuchitsekera muwaya. Kufunsa mafunso n'kwabwino, ndipo a Jones ali ndi ufulu wofunsa. Koma munthu ukanena kuti chakuti chapha mwana, uonetse njira imene chadzera kuti chifike m'mimba mwa mwanayo. Chithunzi cha pafoni si njira. Kukuwa si njira.

"Ine pantchito ino ndakalambirapo. Mwana akabwera ndi thovu kukamwa, thukuta lili kamukamu, kamwana ka m'diso katachepa ngati njere ya mpiru, ndimaganiza za mankhwala ophera tizilombo. Chaka chilichonse cha njala ndimawaona ana otere. Anthu amatsuka mbewu yogula m'sitolo n'kumati madzi akayera ndiye kuti yatha. Mwanawe, kufiira kuja si poizoni ayi. Kuja n'chizindikiro chabe, amapaka dala kuti munthu aone n'kuopa. Ukatsuka umachotsa chizindikirocho, mankhwala n'kutsala m'njere. Kaya utsuke ndi sopo, kaya ndi phulusa, ndi chimodzimodzi.

"Komatu izinso ndikungoganiza. Ndikufuna ufa umene anawa adadya, tiutumize ku Lilongwe akauyeze. Ndikufunanso paketi yake ngati ilipo, chifukwa dzina la mankhwala limalembedwa pamenepo. Ndikalidziwa, adokotala adziwa chomupatsa Calvin. Panopa tikungopapasa ngati akhungu. Ndikufunsenso: adadya chiyani?"

"Nsima ya mgaiwa," adatero Tiyanjane, "ndi nkhwani."

Sisita Lydia adaimirira.

"Chabwino. Pita. Koma udziwe kuti bodza la m'chipatala silithera m'chipatala. Wamva chimkuzamawu chija. Munthu wina alipira lero."

3

Kumudzi adapeza kuli zii. Pabwalo la a Stanley padali amayi okalamba okhaokha atakhala pamphasa, kudikira maliro. Amuna onse kudalibe.

Ufa udali pomwe adanena amayi, kuseri kwa mtsuko, mu jumbo yakuda. Paketi ya mbewu adaipeza itatsomekedwa kudenga. Adatenga zonse ziwiri n'kulowa m'chimbudzi. Adavundukula chivindikiro, ntchentche n'kubuka. Adagwira jumboyo pamwamba pa dzenje.

Kunja kudamveka mapazi a anthu othamanga ndi malikhweru.

"Amugwira! Mayi wa njinga yamoto uja amugwira!"

"Bweretsa tayala! Tayala lija lili pa khola!"

Mayi wa njinga yamoto adali mmodzi yekha m'dera lonselo: Mayi Agnes, alangizi amene ankayang'anira munda wa mpandawo. Ankachokera ku Nathenje m'mawa uliwonse. Teremu yatha adabwera kusukulu ya Tiyanjane ndi mbozi m'botolo, ndipo ana adaseka mpaka misozi pamene mbozi imodzi idathawira pa tebulo la aphunzitsi. Nthawi imeneyo Mayi Agnes adali ndi khanda kumbuyo.

Tiyanjane adabweza chivindikiro. Adapinda paketi n'kuiika mu jumbo, adamangirira jumboyo m'chiuno m'kati mwa chitenje, n'kuyamba kuthamanga.

4

Utsi adauonera patali. Njinga yamoto ya Mayi Agnes inkayaka pakati pa njira, matayala akuphulika. Mlonda wa mundawo adali atathawa kalekale. Waya wa mpanda adamudula ndi nkhwangwa, ndipo anyamata adali m'kati ndi zikwanje, kutchetcha chimanga ngati udzu. Ena ankaswa chikwangwani ndi miyala.

A Jones adaima pamwamba pa lole yawo, atavala tisheti yobiriwira, foni ili m'mwamba.

"Onani makoswe awa! Zimene adawachita makoswe ndi zimene akuchita ana anu! Lero Esitere, mawa wako, mkuja wako! Mukhala chete?"

"Ayi!"

"Mukhala chete?"

"Ayiii!"

Mayi Agnes adali pansi m'matope, anthu atawazinga. Chipewa chawo cha njinga chidali chitang'ambika pakati. Magazi ankatsika kuchokera pamphumi n'kulowa m'diso. Adayesa kudzuka, mnyamata wina n'kuwaponda pamsana.

"Abale anga, tandimverani," ankatero. "M'munda muno simudatulukepo njere ndi imodzi yomwe. Tikamaliza kuyesa timawotcha zonse. Itanani achipatala ayeze..."

"Khala chete, mfiti iwe!"

Mwala udawapeza paphewa. Wina udawaphonya n'kugunda mwendo wa mayi wina, iye n'kutukwana.

Kenako anthu adapatuka. Adali a Stanley. Malaya adalibe, maso ali psu, chikwanje chili m'manja. Sadakuwe ngati enawo. Adafika n'kuwamenya Mayi Agnes ndi msana wa chikwanje m'nthiti, kamodzi, kawiri, mpaka mayiwo adangopindika osatulutsanso mawu.

"Mwana wanga dzana amasewera fulaye pabwalo," adatero a Stanley motsitsa. "Lero ali m'nsalu. Undiuze, wamudyetsa chiyani?"

Tayala lidafika likugubuduzidwa. Anyamata awiri adawadzutsa Mayi Agnes n'kuwaveka m'khosi. Wina adabwera ndi botolo la petulo amene adapopa m'njinga asadaiyatse, n'kulipereka kwa a Stanley.

Apa a Jones mawu adasintha.

"Anzanga, anzanga, izi ayi! Ife tinagwirizana zozula chimanga basi! Anzanga!"

Palibe adatembenuka. Fungo la petulo lidakwana ponseponse.

"Machesi! Ndani ali ndi machesi?"

Tiyanjane adalowa pakati pa miyendo ya anthu. Chigongono cha munthu wina chidamugunda pakamwa, koma sadaime. Adatola phesi limodzi mwa otchetchedwa aja n'kukaima kutsogolo kwa Mayi Agnes.

"Bambo a Esitere, taonani phesili!"

"Choka apa, mwana wa Anna."

"Taonani kaye! Chimangachi chabereka? Ngayaye zomwe sizidatuluke. Esitere akadadya chiyani m'munda muno, masamba?"

Anthu ena apafupi adayang'ana phesilo. Onsewo adali alimi. Chimangacho chidali chofika m'chiuno, chanthete.

"Ndi mungu!" adakuwa a Jones ali pa lole. "Mungu wake umauluka ndi mphepo n'kugwera m'zakudya!"

"Mungu uchokera pati ngayaye palibe?" adayankha Tiyanjane. "Nanga mlonda amagona momwemu, bwanji iye sadadwale? Nanga ana a nyumba izi zili pafupizi? Kwathu n'kumapeto kwa mudzi!"

Khofi lidamugwera kuchokera kumbali. Adagwa chagada, khutu likulira. Adali mmodzi wa anyamata a tayala aja.

"Akupatsa zingati, hule iwe? Nawenso ukufuna lako?"

"Muvekeni nayenso!"

Tiyanjane adadzuka, magazi ali m'mano. Adamasula mfundo ya chitenje. Adatulutsa jumbo ija, n'kusolola paketi, n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone. M'kati mwa pulasitikiyo mudali mofiirabe.

"Chapha Esitere ndi ichi. Ndi mbewu ya m'sitolo, yomweyi timadzala tonse chaka ndi chaka. Tinaitsuka n'kusinja. Ndinatunga madzi ndine. Calvin wadya phala lake, Esitere wadya phala lake. Ufa wake ndi uwu. Anamwino akuti kutsuka kumangochotsa mtundu, mankhwala amatsala. Ngati ndikunama, tiyeni nawo akauyeze. Mayiwa sakudziwapo kanthu."

Phokoso lidazima kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Kudangotsala kulira kwa moto wa njinga.

Mayi Felesiya, amene amagulitsa tomato pamsika wa Mitundu, adasendera pafupi. Adatapa ufa pang'ono, n'kuufikisa pachikhatho, n'kununkhiza. Adaupukutira pachitenje msangamsanga.

"Fungo la mbewu ili," adatero.

Tiyanjane ankadikira miyala. Koma adaona chinthu china. Amayi angapo m'gulumo adali atazolika, osayang'anana. Mmodzi adagwira pakamwa. Kenako wina kumbuyo adakuwa mokweza.

"Mayo ine! Ana anga! Ndasiya phala pamoto!"

Adataya mwala umene udali m'manja mwake n'kuliyatsa liwiro la kumudzi, chitenje chikukwekwereka. Wachiwiri adamutsatira. Wachitatunso, mwamuna wake ali pambuyo.

Mnyamata amene adatulutsa machesi adawabweza m'thumba mwakachetechete. Mayi Felesiya adavula tayala m'khosi mwa Mayi Agnes, n'kuyamba kuwapukuta petulo kumaso ndi mpango wawo. Kumsewu injini idalira. Lole ya a Jones idatembenuka n'kulunjika njira ya ku Nathenje, chimkuzamawu chikugwedera pamwamba, chili chete.

5

A Stanley okha sadasunthe. Botolo lidagwa m'manja mwawo, petulo wotsala n'kumwerera m'dothi. Chikwanje sadachitaye.

"Tiyanjane."

"Wawa."

"Kambale kamene adabwera nako mkazi wanga. Adathiramo ufa ndani?"

"Amayi."

"Ankadziwa kuti ndi mbewu?"

"Ankaganiza kuti tatsuka bwino. Calvin wathunso wadya, bambo. Akadadziwa sakadamupatsa mwana wawo..."

"Sindidafunse zimenezo. Ndati ankadziwa kuti ndi mbewu?"

"Eya."

"Adamuuza mkazi wanga?"

Tiyanjane adayang'ana Mayi Felesiya, adayang'ana anthu. Palibe adamuthandiza.

"Ayi."

A Stanley adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa katundu pamsika. Adapukuta chikwanje pa buluku lawo.

"Stanley, mwana wanga," adatero Mayi Felesiya, "taonani zimene mwachita kale apa. Mayi uyu mukadamuwotcha chifukwa cha chithunzi cha makoswe. Tsopano mukufuna wachiwiri? Anna adagawa ufa chifukwa mkazi wanu adabwera ndi mbale. Akadamukaniza, bwenzi lero mukumutcha womana. Njala ndi imene yatipusitsa tonse, mwaona nokha amene athamangira kumudziwa. Pitani mukaike mwana wanu. Zinazi asiyireni apolisi ndi achipatala."

A Stanley adatembenuka. Adadutsa pakati pa anthu, anthuwo n'kumapatuka. Pamsewu padaima anyamata a kabaza amene adabwera ndi njinga zawo zamoto kudzaonerera.

Mayi Agnes adakoka mwendo wa Tiyanjane. Milomo yawo idali yotupa moti mawu ankatuluka movutikira.

"Ufawo... usautaye. Ukafike nawo kwa anamwino, ndi paketi yomwe. Ine andinyamula awa. Thamanga."

Tiyanjane adamanganso jumbo m'chiuno. Njira zopita ku chipatala zidali ziwiri. Ya msewu idali yozungulira. Yachidule inkadzera kudambo, koma mvula idagwa usiku wonse kumtunda, ndipo mtsinje udali utadzaza mpaka kumiza mlatho wa mitengo. Foni adalibe yoti n'kuwachenjeza amayi ake, amene nthawi imeneyo adali pambali pa bedi la Calvin, msana atalozetsa kukhomo.

Kumsewu adamva a Stanley akulankhula ndi wa kabaza.

"Kuchipatala. Usaime paliponse."

Njinga idalira. Tiyanjane adavula nsapato, adazitaya pomwepo, n'kutsetserekera kudambo kumene madzi ankachita mkokomo.